MBIRI YA KWACHA ZIWIRI

 Nkhani yathu lero ndi ya ndarama ziwiri za dzina limodzi, Kwacha ya Zambia ndi Kwacha ya Malawi. Munthu wa kuno akafika pa malire a Mwami, pakati pa Chipata ndi Mchinji, aona kuti Kwacha yace imodzi isinthidwa ndi Kwacha zambiri za ku Malawi, nayamba kudzitama kuti ndarama yathu ndiyo ya mphamvu. Tisanabvomere zimenezo, tiyeni tione kumene ndarama ziwirizi zinacokera.

M'masiku a Citaganya maiko onse awiri anali ndi ndarama imodzi, paundi ya Rhodesia ndi Nyasaland, imene banki ya Citaganya, yotsegulidwa m'caka ca 1956, inalikuturutsa. Paundi inali masileni 20, sileni inali makobiri 12, ndipo mtengo wace unali wolingana ndi paundi ya ku Mangalande. Akuru akumbukirabe tiki, sikisi ndi kobiri la cibowo pakati. Mwamuna wa ku Nyasaland wogwira nchito ku Nkana kapena ku Luanshya akatumiza paundi kwa mkazi wace ku mudzi, inafika iri paundi yomweyo.

Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo m'caka ca 1964 dziko liri lonse linalandira ufulu, niliyamba kukhala ndi paundi yaceyace. Poyamba mapaundi awiriwo anali olingana. Anasiyana mu Novembala 1967, pamene Boma la ku Mangalande linatsitsa paundi yace kucokera pa madola a ku Amereka 2.80 kufika pa 2.40. Malawi, amene fodya ndi tiyi wace wambiri analikugulidwa ku Mangalande, anatsitsanso yace. Zambia sanatero, pakuti mkuwa unali pa mtengo wabwino.

Pa 16 Januwale 1968 Zambia anasiya paundi natenga Kwacha ya ngwee 100, ndipo Malawi anatenga Kwacha ya matambala 100 m'caka ca 1971. Mau awa si acilendo kwa ife. "Kwaca" ndiwo mfuu imene anthu anapfuula m'misonkhano ya kumenyera ufulu m'maiko onse awiri. Ngwee ndiko kuyera kwa kunja, ndipo tambala ndiye alira mbandakuca. Konse kuwiri Kwacha ziwiri zinalowa m'malo mwa paundi imodzi. Cotero ya Zambia inali dola 1.40 ndi ya Malawi dola 1.20, ndiko kuti Kwacha 6 za kuno zinagula 7 za ku Malawi.

Tsono mvetsani ici. Madola amene dziko ligulira mafuta, mankhwala ndi makina acokera ku zinthu zimene dzikolo ligulitsa kunja. Pa ndarama khumi ziri zonse zimene Zambia analikupeza kunja, zisanu ndi zinai zinali za mkuwa. Mafuta atakwera mtengo m'caka ca 1973, ndi mkuwa utagwa m'caka ca 1975, madola anasowa, ngongole zinacuruka, ndipo Boma linatsitsa Kwacha m'caka ca 1976. Mu Okutobala 1985 Bank of Zambia inayamba kugulitsa madola mlungu ndi mlungu kwa iye wopereka mtengo woposa anzace. Dola imene inali pa Kwacha ziwiri ndi ngwee pang'ono inafika pa Kwacha 21 mu Epulo 1987. Inu a ku Kitwe ndi Ndola mudziwa za cipwirikiti ca Disembala 1986, pamene mtengo wa ufa unakwera. Pa 1 Meyi 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda analetsa msikawo naika dola pa Kwacha 8, koma lamulo silinabale madola. Kwacha inapitirira kugwa kufikira dola imodzi inafuna Kwacha zoposa 5,000 m'caka ca 2012. Munthu amene anasunga ndarama za nchito yace ya pansi pa mgodi m'bokosi, poyembekeza ukalamba, anapeza kuti wasunga mapepala cabe.

Pa 1 Januwale 2013 Zambia anacotsa maziro atatu pa ndarama yace: Kwacha 1,000 zakale zinasanduka Kwacha imodzi yatsopano. Kuwerenga kunapepuka, koma thumba la ufa limene munthu akanagula dzulo lace ndi lomwelo anagula m'mawa mwace.

Nayo ya Malawi, yotsamira pa fodya, inagwa, koma mocedwerapo. Boma linaileka kuti mtengo wace uziikidwa ndi msika mu Febuluwale 1994. Mu Meyi 2012, Pulezidenti ali Mai Joyce Banda, dola inacoka pa Kwacha pafupifupi 168 kufika pa 250, ndipo mu Novembala 2023 inafika pafupi ndi 1,700.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Pa kutha kwa 2023 dola inali Kwacha za Zambia zoposa pang'ono 25, motero imodzi ya kuno inagula zoposa 60 za ku Malawi. Koma bwezerani maziro atatu aja: dola yomweyo inali Kwacha zakale 25,000, pamene ku Malawi inali 1,700. Imene inayamba iri pamwamba ndiyo inagwa kopambana. Akuru anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Cifukwa cace, abale anga, mukamva mtengo wa kusinthana ndarama, musayang'ane nambala yokha yolembedwa pa pepala. Funsani kuti dziko ligulitsa ciani kunja, ndi kuti malipiro anu a mwezi agula matumba angati a ufa. Dziko loima pa mkuwa wokha ndi dziko loima pa fodya yekha, onse awiri aima ndi mwendo umodzi, ndipo palibe woyenera kuseka mnzace. Tsalani bwino.