Nyumba zakale za makalabu a masewero ndi phindu lake pa mbiri ya Malawi

M'mizinda ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe muli makalabu a masewero omwe anayamba m'nthawi ya atsamunda. Nyumba zake n'zosavuta kuzizindikira: makoma a njerwa zootcha, khonde lalitali loyang'ana kubwalo la kapinga, ndi chipinda chachikulu momwe mumakhala zikho ndi zithunzi zakale. Nyumbazi zilibe ulemerero ngati wa tchalitchi cha St Michael and All Angels, koma zimasunga mbali ina ya mbiri ya dziko lino yomwe kwina sipezeka.

Chiyambi cha makalabuwa

Kalabu ya Blantyre Sports Club inakhazikitsidwa mu 1896, patangotha zaka zisanu dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Ya Limbe Country Club inabwera mu 1923, ndipo ya Lilongwe Golf Club mu 1930. Ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, akuluakulu a boma ankasonkhana ku Gymkhana Club. M'makalabu otere ndimo munkaseweredwa gofu, tenesi, kriketi ndi bowls.

Bowls ndi masewero ogubuduza mipira yolimba pa kapinga wometedwa bwino, wosalala ngati mphasa. Osewera amayamba aponya kampira kakang'ono, kenako aliyense amayesetsa kuti mpira wake ukaime pafupi ndi kampirako. Mipirayo inapangidwa mosafanana mbali zake, choncho siyenda molunjika koma mokhota, ndipo luso lagona pa kudziwa makhotedwe ake. Bwalo lake limakhala lotalika mamita 31 mpaka 40. Bwalo lakale kwambiri lomwe likugwirabe ntchito lili ku Southampton ku England, ndipo linayamba mu 1299. Malamulo a masiku ano anachokera ku Scotland, komwe William Wallace Mitchell anawasindikiza mu 1864. Kumenekonso n'komwe kunachokera amishoni ndi amalonda ambiri omwe anamanga Blantyre.

Za kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Makalabu akuluakulu anali a m'mizinda, koma atsamunda ankamanganso nyumba zopumulirako kumadera ozizira. Chitsanzo chake chili m'mbali mwa phiri la Ntchisi, pomwe pali nyumba yomwe inamangidwa mu 1914 kuti akuluakulu a boma azikapumulirako. Lero nyumbayi ndi malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge, ndipo alendowo amapita kukaona nkhalango ya m'phirimo. Chakumwera, m'dera la Msakambewa ku Dowa, kuli mishoni ya Kongwe yomwe Robert Blake wa mpingo wa Dutch Reformed anaiyambitsa mu 1894, ndipo sukulu ya sekondale ya pamenepo imadziwika ndi dzina lake. Malo awiriwa akuphunzitsa chinthu chimodzi: malo akale amakhalitsa ngati anthu akupitiriza kuwagwiritsa ntchito.

Phindu lake lagona pati

Choyamba ndi kamangidwe. Khonde lotambalala, denga lalitali ndi makoma ochindikala zinkathandiza kuti m'nyumba muzizizira kusanabwere makina oziziritsa. Amisiri a lero angaphunzirepo kanthu.

Chachiwiri ndi umboni wa tsankho. M'nthawi ya atsamunda umembala wa makalabuwa unali wa azungu, ndipo amwenye anayambitsa kalabu yawoyawo. Munthu wakuda ankalowamo ngati wophika, woperekera zakumwa, wotchetcha kapinga kapena wonyamula ndodo za gofu. Ena amati nyumba zokumbutsa zowawa zotere n'zosayenera kuzisunga. Komatu kugwetsa nyumba sikufafaniza zomwe zinachitikamo, kumangochotsa umboni. Mwana wa sukulu akaimirira pakhonde pomwe agogo ake sankaloledwa kukhalapo, amamvetsa tanthauzo la ufulu wa 1964 kuposa mmene angamvere m'kalasi.

Chachitatu ndi thukuta la Amalawi. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa ndi manja a anthu a konkuno, matabwa anachekedwa ndi iwo, ndipo kapinga wa bowls, yemwe amafuna kuthiriridwa, kumetedwa ndi kusalazidwa pafupipafupi, ankasamalidwa ndi iwo. Mayina awo sanalembedwe pa zikho, koma ntchito yawo ikuoneka.

Chachinayi ndi zolembedwa: mabuku a misonkhano, ndandanda wa mamembala ndi zithunzi zimasonyeza mmene mzinda unasinthira, ndi nthawi yomwe zitseko zinayamba kutsegukira anthu onse.

Chitetezo cha lamulo ndi zoopsa zake

Malo a mbiri m'dziko muno amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, ndipo nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imayang'anira. Malo akalengezedwa kuti ndi otetezedwa, mwini wake sangawagwetse kapena kuwasintha popanda chilolezo. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomwe inamangidwa mu 1882, ndi imodzi mwa zotetezedwa, ndipo mkati mwake muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi.

Koma ukale wokha sutchinjiriza nyumba. Adani ake ndi chiswe, denga lodontha, kuchepa kwa mamembala olipira, komanso kukwera mtengo kwa malo a m'tauni, komwe kumachititsa kuti bwalo la kapinga lioneke ngati malo ongogona oyenera kumangapo masitolo. Bwalolo likatha, nyumba imataya tanthauzo, chifukwa khonde lija linamangidwa kuti anthu azionerera masewero.

Choncho kusunga kalabu yakale kumayamba ndi zinthu wamba: kukonza denga mvula isanagwe, kujambula ndi kusunga bwino mabuku akale, kulemba zomwe antchito okalamba akukumbukira akadali moyo, ndi kulola ana a sukulu zoyandikana kuti adzaone komanso kusewera pabwalopo.