Liwiro ndi Chindapusa pa Tsangano Turn-off

Msewu wa M1 ukafika pa Tsangano Turn-off umayenda m'malire enieni: mbali ina Malawi, ina Mozambique. Malirewa anachokera ku pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, galimoto isanaponde n'komwe ku Ntcheu. Nthawi imeneyo katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga, ndipo palibe amene ankaimbidwa mlandu wothamanga.

Apolisi a Nyasaland anakhazikitsidwa mu 1921, koma nkhani ya liwiro inakula phula litayalidwa pamsewuwu. Alimi a ku Tsangano anayamba kutsitsira mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato pamphambanopo, msika n'kumera m'mphepete mwa msewu umene mabasi a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amadutsa mwachangu. Ogulitsa amathamangira galimoto iliyonse yoima, beseni lili pamutu.

Lero lamulo la Road Traffic Act la 1997 ndilo limagwira ntchito. Wapolisi wapamsewu akaimitsa dalaivala n'kumuonetsa nambala pa kamera yoyezera liwiro, madalaivala ambiri amangolipira chindapusa, kulandira lisiti, ulendo n'kupitirira. Wokana ali ndi ufulu wokaonekera pamaso pa majisitireti ku Ntcheu boma, kumene wozenga mlandu ayenera kupereka umboni wokwanira, ndipo woimbidwayo angafunse wapolisi ngati chikwangwani cha liwiro chinalipo pamalopo. Ndi ochepa amene amafikako. Mwini lole yodzaza kachewere sangataye tsiku ali pabenchi ya khoti pamene katundu akudikira ku msika wa Limbe.