Msewu wa ku Kachulu ndi Milandu Yake

Munthu wochokera m'tauni ya Zomba akafuna kupita ku nyanja ya Chilwa amatsata msewu wa ku Liwonde pang'ono, napatuka pa Matawale kuloza kum'mawa. Akapitirira bwalo la ndege, mapiri amatsala m'mbuyo, dziko nilikhala lathyathyathya kufikira pa doko la Kachulu, m'dziko la Mfumu Mwambo. Ulendo wonse ndi wa mailosi pafupifupi 20. Msewu umenewu si waukulu, koma papita miyendo ya anthu, njinga, malole ndi njinga zamoto, chilichonse pa nyengo yake. Ndipo chokwera chilichonse chatsopano chidadzutsanso funso limodzi lomwelo: awiri akagundana panjira, wolakwa ndani, nanga alipe ndani?

Pamene David Livingstone adafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, m'dziko lonselo munalibe chinthu choyenda ndi magudumu. Njira zinali zopapatiza, zokwana munthu mmodzi, kotero aulendo ankayenda motsogozana. Malamulo a panjira analipo ndithu, ngakhale sadalembedwe. Mwana ankapatukira mkulu. Wopanda katundu ankapatukira wosenza, pakuti munthu amene ali ndi dengu pamutu satha kulumphira m'thengo. Mnyamata akathamanga mosasamala nagunda mayi wosenza mtsuko, mtsukowo nusweka, nkhani inkapita kwa ankhoswe kapena pabwalo la mfumu, ndipo inkatha ndi mtsuko wina kapena nkhuku. Milandu yotere sinkavuta chifukwa cha chinthu chimodzi: wolakwayo ankadziwika, iye pamodzi ndi amake ndi atsibweni ake. Akathawa lero, mlandu unkamudikira, monga akulu anenera kuti mlandu suola.

M'chaka cha 1891 Angerezi adakhazika Boma lawo pa Zomba, mkulu wake Harry Johnston. M'zaka zomwezo Captain Sclater adalambula msewu wa ngolo wochokera ku Blantyre kufika pa Zomba. Koma ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe m'malo ambiri, motero katundu wa Boma ndi wa makampani adakhalabe pamitu ya amtengatenga, aliyense mapaundi 50 kapena 60 kulemera kwake. Mzungu mwini ankagona m'machila, onyamula nathamanga naye akuimba. Apa mpamene mwambo wa panjira udayamba kugwedezeka. Machila sankapatukira nkhalamba kapena wosenza. Onse ankawapatukira, osati chifukwa cha ulemu wa msinkhu koma chifukwa cha mphamvu ya wogonamoyo. Pambuyo pake kudabwera mthuthuthu, njinga yamoto ya akuluakulu a Boma ndi amishoni, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 malole a asilikali adachuluka pa misewu yopita kumpoto. Komabe kunyanja kuno zinthu zimenezi ankangozimva, kuziona mwakamodzikamodzi.

Chokwera choyamba chimene mwana wa m'dziko muno adatha kunena kuti “changa” ndi njinga yakapalasa. Amuna ambiri, Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ankapita kukagwira ntchito ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo wobwerako wopanda njinga ankayesedwa ngati wangotaya zaka zake. Maina a Raleigh, Humber ndi Phillips adalowa m'midzi natchulidwa ngati maina a anthu. Mwini njinga ankaipukuta ndi kansanza tsiku ndi tsiku, naigoneka m'nyumba momwe agona iye. Kuibwereka kunali kovuta koposa kubwereka khasu kapena nkhwangwa, pakuti wobwereka akathyola sipoko, chibale chinkatha kuzizira chaka chathunthu.

Koma pa Chilwa njinga sinali ya ulemu wokha. Nyanjayi ndi yosaya, ya madzi amchere pang'ono, ndipo m'zaka zabwino inkatulutsa matemba, milamba ndi makumba ochuluka kotero kuti inkadyetsa chigawo chachikulu cha dziko la kum'mwera. Munthu wapansi ankatha kufikitsa dengu limodzi pa msika wa Zomba. Wanjinga ankamanga dengu lalikulu pakaliyala, nanyamuka mbandakucha, nakagulitsa pa Zomba, ku Limbe, ngakhale kwa antchito a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chuma chonse cha munthu wotere chinali pa magudumu awiriwo: njinga imene adaivutikira kumigodi, ndi nsomba zimene adagula ndi ndalama zake zonse, kapena za ngongole.

Njinga idabweretsa milandu yake, koma inali milandu yoti bwalo nkuitha. M'chaka cha 1933 Boma lidapatsa mafumu aakulu mphamvu yokhala ndi makhoti awo, ndipo nkhani za wanjinga wogunda mbuzi kapena mwana zinkaweruzidwa kumeneko ndi kwa anyakwawa. Mafunso ake anali omveka kwa aliyense. Kodi adaliza belu? Kodi adati “Zikomo!” asanadutse? Atagunda, kodi adatsika napepesa, kapena adapalasa kunka? Funso lotsirizali ndilo linali lalikulu. Munthu wotsika nanena kuti “Pepani amayi, ndalakwa,” ankalipa pang'ono. Wopitirira ankalipa kawiri, china cha bala, china cha mwano.

Tsono kudabwera lole. Itatha nkhondo yachiwiri m'chaka cha 1945, magalimoto adachuluka m'Nyasaland. Kampani ya mabasi ya Nyasaland Transport Company idayamba m'chaka cha 1947, ndipo amalonda, Amwenye ndi Afirika ena opeza bwino, adagula malole, ambiri a mtundu wa Bedford, nayamba kutsikira nawo kumadoko kukatenga nsomba. Anthu ankakwera pamwamba pa matumba, nalipa. Ndiwo aja amatchedwa matola. Land Rover inali ya Bwana DC, ya azaulimi ndi ya apolisi. M'zaka za pambuyo pa ufulu wa 1964 kudaoneka Peugeot, Datsun ndi Toyota, ndipo mphunzitsi kapena mwini golosale wogula imodzi yakale ankadziwika dera lonse, makamaka chifukwa cha kukankhidwa kwake m'mawa uliwonse.

Msewu wa kunyanja uli ndi nkhope ziwiri. M'chilimwe umakhala wa fumbi, ndipo lole ikadutsa, wam'mbuyo saona kanthu kwa kamphindi. M'dzinja dothi la makande limaterera ngati sopo, ndipo pamakhala kanjira kamodzi kouma pakatikati, kamene wanjinga ndi walole onse akafuna. Dalaivala wonyamula nsomba amakhala pa changu, pakuti wofika msanga pamsika ndiye agulitsa bwino. Motero ambiri adazolowera kuliza hutala ali patali, osachepetsa liwiro, kuyembekeza kuti zonse zili patsogolo zidzibalalikira zokha. Wanjinga wa dengu lalikulu satha kukhota msanga. Akachedwa, mphepo ya lole kapena ngodya ya bodi imamukankhira m'ngalande, limu nilipindika, matemba namwazika m'matope. Poimirira, lole yapita kale. Dalaivala si wa m'mudzimo. Palibe wodziwa amake kapena atsibweni ake. Mfumu ingaitane yani pabwalo?

Pamenepo mlandu wa pamsewu udachoka m'manja mwa mafumu nupita kwa apolisi, amene gulu lawo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1921, likulu lake pa Zomba pomwepo, ndi kwa oweruza a Boma. Kaweruzidwe kake kanali kachilendo. Wapolisi safunsa za belu kapena za kupepesa. Iye amayeza msewu ndi chingwe, naona pamene matayala adakhwekhwereza, pamene padagwera magalasi, ndi mbali imene aliyense anali. M'dziko muno zokwera zonse ziyenera kuyenda kumanzere, monga adasiyira Angerezi. Wogunda mnzake kumbuyo kawirikawiri ndiye apezeka wolakwa, pakuti sadasiye mpata wokwanira kuima. Wopitirira mnzake pokhota kapena pachitunda, pamene saona kutsogolo, ndi wolakwa. Wotuluka m'kanjira kulowa mumsewu osayang'ana ndi wolakwanso, ngakhale akhale iye wovulalayo. Ichi chidawawa ambiri, pakuti kumudzi munthu wothyoka mwendo sayembekeza kuuzidwa kuti mlandu ndi wake. Ndipo nthawi zina khoti limagawa kulakwa: dalaivala chifukwa cha liwiro, wanjinga chifukwa choyenda usiku wopanda nyali, ndipo chipukuta misozi chimachepetsedwa molingana ndi gawo la wovulalayo.

Panalinso china chodabwitsa koposa. Pabwalo la mfumu, cholipa chinkapita kwa wolakwiridwa. Kukhoti la Boma, dalaivala akapezeka wolakwa pa kuyendetsa mosasamala, chindapusa chake chimapita ku Boma, wovulala nabwerera kwawo chimanjamanja, akudabwa kuti mlandu watha bwanji iye osalandira kanthu. Chimene ambiri sankadziwa ndi chakuti milandu ndi iwiri. Woyamba ndi wa Boma, wolanga wophwanya lamulo. Wachiwiri ndi wa wovulala mwini, wofuna malipiro, ndipo umenewu sudziyambira wokha. Lamulo la pamsewu la 1997 likakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene galimotoyo ingapweteke. Likakamizanso dalaivala kuima pakachitika ngozi ndi kukanena kupolisi. Koma kuti wovulala alandire, ayenera kukhala ndi nambala ya galimoto, lipoti la apolisi ndi kalata ya kuchipatala. Apa mpamene kudziwa kuwerenga kudasanduka chida cha pamsewu. Ogula nsomba ochenjera adaphunzira kutsika panjinga akamva hutala, kuima m'mbali, ndi kusunga m'mutu zilembo ndi manambala a lole yoipa. Mboni yonena kuti “inali lole yobiriwira” sithandiza kanthu, pakuti malole obiriwira ndi ambiri.

Si anthu wamba okha amene ngozi zawo zidasiya mafunso. M'mwezi wa September 1962, Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, adapezeka atafa ndi galimoto yake pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wochokera ku Blantyre kubwera ku Zomba. Boma lidafufuza nilipereka yankho lake, koma anthu adapitirirabe kunong'onezana zaka zambiri. Ngati imfa ya munthu wotchuka chotere idasiya mitima yokayika, sichodabwitsa kuti wogula matemba wa ku Kachulu ankakayika ngati chingwe cha wapolisi chidzanena zoona zake.

Kukayika kumeneku kudabala chipatso choipa. M'malo ambiri a m'dziko muno, galimoto ikagunda mwana, anthu ankathamangira miyala, ena kufuna kuitentha. Madalaivala, podziwa ichi, adayamba kuthawa pamalo a ngozi, nanena kuti athawira kupolisi kupulumutsa moyo. Wotayika pakati pa mkwiyo ndi mantha ndi wovulalayo, pakuti galimoto imene ikadamufikitsa msanga ku chipatala chachikulu cha Zomba ndiyo yathawayo. Midzi ina idapeza njira yofatsa: kuunda mizere ya dothi yopingasa msewu, kuti wothamanga achepetse yekha kapena athyole chitsulo cha galimoto yake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, maminibasi ndi tigalimoto tating'ono togwirako kale ntchito ku Japan tidadzaza misewu. Phindu la mwini wake lili m'kuchuluka kwa maulendo, kotero liwiro lidakula. Okwera nawonso adaphunzira kulankhula. Mayi wachikulire amatha kunena kuchokera kumbuyo kuti, “Adalaivala, mwanyamula anthu, si matumba a chimanga ayi.” Akakhala yekha, kondakitala amamuyankha kuti woopa atsike. Koma onse akavomerezana naye, nanena za apolisi a pachipata chakutsogolo, phazi la dalaivala limapepuka.

Nyanja nayo ili ndi mawu ake pa mbiri ya msewuwu. Idaphwa m'chaka cha 1968, m'chaka cha 1995, ndiponso mbali yaikulu m'chaka cha 2018. Nsomba zikasowa, malole amaleka kutsika, mabwato nagona pa matope ong'aluka, ndipo anthu a pa Chisi, kwa Mfumu Mkumbira, amawoloka pansi kapena panjinga pamene kale ankapalasa ngalawa.

Chokwera chotsiriza kufika ndi njinga yamoto ya kabaza, yochokera ku China kapena ku India, imene idafala m'zaka za m'ma 2010. Mnyamata amene agogo ake adabwera ndi Humber kuchokera ku Joni amanyamula anthu awiri ndi thumba la matemba, nafika pa Zomba dzuwa lisanatenthe. Iye amathawa malole monga ankathawira agogo ake, koma kwa wapansi ndi wakapalasa, woliza hutala tsopano ndi iyeyo. Njinga zambiri zotere zidalowa pamsewu zopanda nambala, zopanda inshuwalansi, oyendetsa ake opanda laisensi. Kotero awiri akagundana, onse amaopa kupolisi, kumene njinga zonse ziwiri zikhoza kugwidwa. Amapita kwa wapampando wa pamalo pamene akabaza aimika njinga zawo, kapena kwa nyakwawa. Kumeneko afunsa amene anali kumanzere, amene adaliza hutala, amene adaima kudzutsa mnzake. Kenaka aitana makaniko anene mtengo wa limu ndi nyali, nawerengera ndalama ya kuchipatala, ndipo mbale wa wolakwayo amaima monga mboni kuti adzalipa pang'onopang'ono, tsiku la msika lililonse, kufikira zitakwana.