Teni ngwee: mbiri ya kakhobidi komwe ambiri aleka kutola

Mumsika wa ku Kafue, teni ngwee ikagwa pansi ndi ochepa amene amawerama kuti aitole. Komabe m'tauni yomweyi, monga m'madera ena a Zambia ndi Malawi, mphekesera sizitha zoti khobidi lakale, makamaka lija labowo pakati, lingamulemeretse munthu tsiku limodzi. Ena amasunga makobidi a agogo awo m'chitini podikira wogula wochokera kunja, ena amabetsa ndalama zawo kwa akathyali olonjeza kuwapezera msika. Onsewa akuphonya chinthu chimodzi. Khobidi silikwera mtengo chifukwa choti ndi lakale, ndipo makobidi athu ambiri sadzalemeretsa munthu. Chifukwa chenicheni chowasungira n'choti ndi umboni wogwirika wa momwe thukuta la anthu a kuno lakhala likulipidwira.

Mphekeserazi zili ndi pochokera. Ku America kuli kakhobidi ka masenti 10 kotchedwa dime, ndipo tina mwa timeneti timagulidwadi ndalama zoopsa. Mu 1894, fakitale yosula ndalama ya ku San Francisco inangopanga 24 tokha, ndipo todziwika lero ndi 9. Kamodzi kanagulidwa pafupifupi madola 2 miliyoni mu 2016. Kena ka 1975, komwe kanatuluka kopanda chilembo S cha fakitale ya San Francisco mwangozi, kanagulidwa madola oposa 500,000 mu 2024 chifukwa todziwika ndi tiwiri tokha. Taonani kuti kachiwirika sikakale n'komwe. Agogo ambiri a ku Shikoswe ndi Zambia Compound, m'Kafue momwemu, ndi akulu kuposa iko. Mtengowo ukuchokera pa kusowa kwake, maonekedwe ake osaperepeseka, ndi kuchuluka kwa anthu olemera amene akukalimbirana. Zitatuzi zikapanda kukumana, khobidi limangokhala kachitsulo, ngakhale litatha zaka 100.

Tauni ya Kafue inakula ndi njanji. Mlatho wa sitima pamtsinje wa Kafue unatha mu 1906, chaka chomwe njanji inafika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ndipo pamodzi ndi sitimayo kunabwera malipiro a pamwezi ndi msonkho wofuna ndalama, osati chimanga kapena nsomba. Poyamba anthu ankagwiritsa ntchito makobidi a ku Britain. Kuyambira mu 1932 dziko la Southern Rhodesia linayamba kukhala ndi makobidi akeake, ndipo anafalikira mpaka ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Tiki, sikisipensi ndi shileni za m'zaka zimenezo zinali ndi siliva, mpaka mu 1947 pomwe anasinthira ku mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Ngati pali makobidi a kwathu kuno amene osonkhanitsa amawafunadi, ambiri ndi a nyengo imeneyi, monga mashileni awiri a 1939 ndi 1946. Kenaka kunadza makobidi a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira mu 1955: peni yabowo yokhala ndi njovu ziwiri, shileni ya mphalapala, mashileni awiri a nkhwazi. Peni yabowoyo, imene ikuzunguza anthu mitu lero, inasulidwa miyandamiyanda, ndipo ndi yosasowa ngakhale pang'ono.

Kholo lenileni la teni ngwee ndi shileni ya Zambia ya 1964, yokhala ndi mbalame ya mlomo waukulu wokhota. Mu 1966 nkhope ya Kenneth Kaunda inaikidwa pa shileniyo, ndipo pa 16 Januwale 1968, pomwe kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa paundi, shileni imodzi inasanduka teni ngwee, mbalame ija osaichotsa. Nthawi imeneyo kwacha imodzi inali yofanana ndi dola imodzi ndi masenti 40, kutanthauza kuti teni ngwee inkaposa dime ya ku America. M'zaka zomwezo boma, kudzera m'kampani yake ya INDECO, linkasandutsa Kafue kukhala tauni ya mafakitale: fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia imene inayamba ntchito mu 1970, ndi nyumba za ku Kafue Estates. Kakhobidi aka n'komwe kankalira m'matumba a anthu oweruka m'mafakitalewo, ndipo kankagula kanthu.

Mphamvu imeneyo sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ngongole za dziko zinakula, mu 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengo ya zinthu inkakwera kuposa kawiri pachaka. Makobidi atsopano a 1992, ofika mpaka K10, sanachedwe kukhala opanda ntchito, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 ana a ku Zambia anakula osadziwa kugula ndi khobidi. Pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, teni ngwee n'kubwerera ili ndi ntchefu, kuimira K100 yakale. Tikawerengera bwino, pamafunika mateni ngwee 1,000 a 1968 kuti afanane ndi imodzi ya 2013. Palibe lipoti la zachuma limene lingafotokozere mwana wa sukulu nkhani imeneyi momveka kuposa makobidi awiriwa ataikidwa pachikhatho chake.

Wina anganene kuti kusunga zinthu zosagulitsika ndi masewera a anthu okhuta, pomwe banja likusowa ufa. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo munthu amene ali ndi tiki ya siliva sangadzudzulidwe akaigulitsa, bola adziwe chaka chake ndi mtengo wake asanaipereke. Koma teni ngwee ya 1968 yoperepeseka sigula ngakhale mulu wa tomato, choncho kuisunga sikulanda mwana chakudya. Kuitaya kapena kuiponya m'thumba la zitsulo zakutha ndiko kutaya kanthu popanda phindu. Winanso anganene kuti kusunga mbiri ndi ntchito ya nyumba zosungira zakale ku Lusaka ndi ku Livingstone. Nyumbazo zingasunge khobidi, koma sizingadziwe kuti linali m'malipiro oyamba a mayi amene ankasoka kapena kuluka ku fakitale ya nsalu. Zimenezo amazidziwa ndi a m'banjamo, ndipo akapita osazinena, zapitiratu.

Palinso ena amene amanyansidwa ndi makobidi okhala ndi nkhope za mafumu a ku Britain, poti ndi ndalama za msonkho wa atsamunda. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ayenera kusungidwa. Shileni ya George VI ikagundizana ndi ya 1964 yokhala ndi chizindikiro cha Zambia, kusintha kwa ulamuliro kumaoneka ndi maso. Ngakhale makobidi a posachedwa ali ndi nkhani yawo: mbalame ya pa K1 ya 2013 imapezeka ku Zambia kokha, makamaka m'madera a mikuyu ozungulira chigwa cha Kafue.

Nthawi yosunga ndi inoyi. Pa 31 Malichi 2025 Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, kuphatikizapo makobidi a K2 ndi K5, ndipo kusintha kotere kukachitika, zakale zimazimiririka msanga m'manja mwa anthu, makamaka pano pomwe ambiri akulipira pafoni. Amene muli ndi chitini cha makobidi, musawakweche ndi mchenga, phulusa kapena mandimu, chifukwa khobidi lokwechedwa limagwa mtengo ngakhale litakhala losowa. Liikeni pouma, lililonse m'kapepala kake, mulembepo chaka ndi dzina la amene anali mwini wake. Ndipo munthu akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama kuti akupezereni wogula peni yanu yabowo, mukaneni.