Mchezo

Mawu akuti mchezo achokera ku mneni kucheza. Kwathu kuno ku Ntcheu, mchezo ndi usiku uja anthu amachezera osagona, mawa lake kuli ukwati: ng'oma kulira, thobwa kuyenda m'zikho, amayi kunong'onezana za mkwatibwi mpaka tambala woyamba. Palibe amalipira polowa.

Masiku ano mawuwa asamukira m'foni. Facebook, WhatsApp ndi TikTok timangozitcha masamba a mchezo. Dzinali ndi lokoma, koma limabisa kanthu: mchezo umenewu uli ndi eni ake, ndipo kwa iwo ndi malonda. Facebook inayamba mu 2004 ku yunivesite ya Harvard, m'manja mwa Mark Zuckerberg ndi anzake ophunzira. Mu 2012 inagula Instagram, kampani ya antchito 13 okha, pa madola 1 biliyoni, ndipo mu 2014 inagulanso WhatsApp pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Ndalama zake zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda, amene amalipira kuti katundu wawo aonekere pamaso pa ocheza. Ocheza akamachuluka, otsatsa nawo amakhamukira komweko.

Pa msika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, mayi wa kachewere amajambula matumba ake n'kutumiza chithunzi kwa wooda wa ku Lilongwe. Akagwirizana mtengo, ndalama imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukamuuza kuti akucheza, akuyang'anani ndi diso loipa. Kwa iye imeneyo ndi geni.

Kusiyana kwina ndi mchezo wa kumudzi n'koti uwu sudikira tambala. Bandulo ikatha, nawonso watha.