Katulutsidwe ka utsi pa ng'anjo za gasi zotenthetsera nyumba

Ng'anjo ya gasi yotenthetsera nyumba ndi makina amene amawotcha gasi n'kutumiza mpweya wofunda m'zipinda kudzera m'mipope. Imapezeka kwambiri ku Canada ndi kumpoto kwa United States. Mtundu wamakono, umene pa Chingelezi amati condensing furnace, umasandutsa magawo 90 mpaka 98 pa 100 aliwonse a mphamvu ya gasi kukhala kutentha kwa m'nyumba. Ku Canada, kuyambira mu 2019, ng'anjo zatsopano za m'nyumba ziyenera kufika pa 95. Kusataya kutentha kumeneku n'komwe kumapangitsa kuti utsi wake usatulutsidwe ngati wa ng'anjo zakale.

Chifukwa chake chumuni sigwira ntchito

Ng'anjo yakale inkataya utsi wotentha kwambiri, ndipo utsiwo unkakwera wokha m'chumuni. Yamakono imadutsitsa utsi m'timapaipi tina tachitsulo chosachita dzimbiri kuti iwuyamwe kutentha kotsalako. Utsi ukazizira kufika cha m'ma 55 °C, nthunzi yake imasanduka madzi. Madziwa ali ndi asidi, pH yake imakhala pakati pa 3 ndi 5, moti amadya njerwa, simenti ndi chitsulo wamba. Komanso utsi wozizira chonchi sukwera wokha, choncho pali fani imene imaukankhira kunja.

N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito mapaipi a pulasitiki ya PVC, CPVC kapena polypropylene, omwe nthawi zambiri amatulukira m'khoma osati padenga. Popeza fani imakankha utsi mwamphamvu, pamene paipi yalumikizana molakwika utsi umathawira m'nyumba. Si pulasitiki iliyonse yoyenera: ku Canada paipiyo iyenera kukhala yovomerezeka pa muyezo wa ULC S636. Mu 1998 bungwe la Consumer Product Safety Commission ku United States linalengeza zochotsa m'nyumba pafupifupi 250,000 mapaipi a Plexvent ndi Ultravent, omwe ankang'aluka n'kutulutsa mpweya wapoizoni. Amenewo anali pa ng'anjo za utsi wotenthako kuposa za masiku ano.

Paipi ya utsi imaikidwa mopendekera chakumene kuli ng'anjo, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi abwerere n'kutsikira m'ngalande. Ikagoba pakati, madzi amadikha n'kutseka njira. Kunja, kamwa lake liyenera kukhala masentimita 30 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka kapena pamene chipale chofewa chimafika, komanso patali ndi mawindo ndi zitseko.

Mpweya woyatsira moto

Gasi wachilengedwe amafuna mpweya wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa iye mwini kuti apse bwino. Pali njira ziwiri zopezera mpweyawu. Yoyamba ndi ya mapaipi awiri: ina imakoka mpweya kunja, ina imatulutsa utsi, ndipo moto umayaka m'bokosi lotsekeka losakhudzana ndi mpweya wa m'nyumba. Yachiwiri ndi ya paipi imodzi, pomwe ng'anjo imapuma mpweya wa m'chipinda chimene ili.

Njira yachiwiriyi ndi yotsika mtengo koma imafuna chisamaliro. Malamulo a National Fuel Gas Code ku United States amati chipinda chikhale ndi malo okwana pafupifupi makyubiki mita 4.8 pa kilowati iliyonse ya zipangizo zonse zoyaka zili momwemo. Pakachepa, pafunika mazenera olowetsa mpweya. Vuto limakula m'nyumba zamakono zomatidwa bwino, chifukwa fani ya kukhitchini ndi makina oumitsira zovala nazo zimatulutsa mpweya kunja, n'kumalimbirana ndi ng'anjo. Mankhwala okhala ndi chlorine, monga oyeretsera zovala, akasungidwa pafupi, fungo lawo limalowa m'moto n'kusanduka asidi wodya zitsulo za mkati.

Ngakhale pa mapaipi awiri, kamwa lokoka mpweya likayandikana molakwika ndi lotulutsa utsi, ng'anjo imameza utsi wake womwe.

Ngozi zake

Moto ukasowa okosijeni umatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo anthu amaziyesa chimfine.

Ng'anjozi zili ndi switchi imene imazimitsa moto paipi ikatsekeka ndi madzi oundana, masamba kapena chisa cha mbalame. Kuilumikiza mwachinyengo kuti ng'anjo iyakebe, monga amachitira ena usiku wozizira, n'kuchotsa mlonda pakhomo.

Ngozi ina imabwera posintha ng'anjo yakale. Ngati inkagawana chumuni ndi thanki ya gasi yotenthetsera madzi, thankiyo imatsala yokha pa chumuni chachikulu chimene singathe kuchitenthetsa. Utsi wake umalephera kukwera n'kubwerera m'nyumba, ndipo amisiri amathetsa zimenezi polowetsa paipi yocheperako m'kati mwa chumunicho.