Zipangizo zovala kumaso za VR ndi AR

Zipangizo zovala kumaso za VR ndi AR ndi timakompyuta tomwe munthu amavala kumutu ngati magalasi, kuti zithunzi zizionekera pafupi ndi maso ake ndiponso zizisintha iye akatembenuza mutu. VR ndi chidule cha mawu achingerezi akuti virtual reality. Chipangizo cha mtundu umenewu chimaphimba maso onse awiri, moti wovalayo amangoona malo opangidwa ndi kompyuta ngati kuti alimo. AR ikuimira augmented reality, ndipo apa wovala amaonabe chipinda kapena msewu umene ali, koma kompyuta imawonjezera zilembo ndi zithunzi pamwamba pa zimene akuonazo. Zipangizo zambiri zatsopano zimachita zonse ziwiri chifukwa zili ndi makamera kutsogolo, amene amajambula malo ozungulira n'kuwaonetsa mkati.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makampani akhala akulengeza kuti zipangizozi zatsala pang'ono kulowa m'nyumba iliyonse monga inachitira wailesi yakanema ndi foni yam'manja. Mpaka pano zimenezi sizinachitike. Mafoni amakono ogulitsidwa padziko lonse amapitirira 1 biliyoni chaka chilichonse, pamene zipangizo zovala kumaso zimagulitsidwa pafupifupi 10 miliyoni zokha, ndipo zaka zina sizifikanso pamenepo. Funso lakuti kodi anthu wamba adzazikonda ndi lalikulu pa malonda a luso lamakono, popeza makampani alowetsamo kale madola mabiliyoni ambirimbiri.

Mmene zimagwirira ntchito

Diso lililonse la munthu limaona chinthu mosiyana pang'ono ndi linzake, ndipo ubongo umaphatikiza zithunzi ziwirizo n'kudziwa kuti chinthucho chatalikira bwanji. Chipangizo cha VR chimadalira zimenezi. Diso lililonse chimalipatsa chithunzi chakechake kudzera pa kasikirini ndi galasi lokuza zinthu, ndipo ubongo umakhulupirira kuti ukuona malo enieni. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu: Charles Wheatstone wa ku Britain anaisonyeza mu 1838 pogwiritsa ntchito zojambula ziwiri ndi magalasi odziyang'anira.

Chovuta n'chakuti chithunzicho chizitsatira mutu. Mkati mwa chipangizochi muli tizida tomwe timayeza kupendekeka ndi kutembenuka kwa mutu, komanso makamera oona pamene munthu waima m'chipindamo. Kompyuta imayenera kujambula chithunzi chatsopano mwina ka 90 pa sekondi imodzi. Ikachedwa ngakhale pang'ono, munthu amaona dziko likutsalira m'mbuyo mwa mutu wake, ndipo amayamba kumva chizungulire.

AR ya magalasi oonekera mkati ndi yovuta koposa. Chithunzi chimayenera kuwala kwambiri kuti chioneke masana padzuwa, komabe batire ndi zida zonse zikwane m'chinthu chopepuka. N'chifukwa chake zipangizo zoterezi nthawi zambiri zimaonetsa zithunzi pakachigawo kakang'ono chabe ka zimene diso likuona.

Mbiri

Chipangizo choyamba chovala kumutu cholumikizidwa ku kompyuta chinapangidwa mu 1968 ndi Ivan Sutherland ndi wophunzira wake Bob Sproull ku United States. Chinkangoonetsa mizere yosavuta, ndipo chinkalumikizidwa ku chitsulo cholendewera kudenga. Mawu akuti virtual reality anatchuka m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa Jaron Lanier, yemwe kampani yake ya VPL Research inkagulitsa zipangizozi pamodzi ndi magolovesi ake pa mitengo imene mabungwe akuluakulu okha ndiwo akanaikwanitsa. Mawu akuti augmented reality anachokera kwa Tom Caudell wa ku kampani yopanga ndege ya Boeing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Ulendo woyamba wofuna kugulitsa VR kwa anthu wamba unathera panjira. Kampani ya Sega inaonetsa chipangizo chake mu 1993 koma sinachitulutse pamsika. Nintendo inatulutsa Virtual Boy mu 1995, yomwe inkaonetsa zithunzi zofiira ndi zakuda zokha. Ambiri ankadandaula za mutu ndi maso, ndipo inasiya kupangidwa mu 1996 itagulitsidwa pafupifupi 770,000. Kwa zaka zoposa khumi zotsatira, makampani akuluakulu anaiwalako za nkhaniyi.

Chimene chinaidzutsa ndi foni yam'manja, chifukwa inatsitsa mtengo wa masikirini ang'onoang'ono ndi tizida toyeza kuyenda. Mu 2012 mnyamata wina wa ku California, Palmer Luckey, anapempha anthu pa Kickstarter kuti athandize kupanga Oculus Rift, ndipo anasonkhanitsa madola pafupifupi 2.4 miliyoni. Mu Malichi 2014 Facebook inagula kampani ya Oculus pa mtengo wa madola pafupifupi 2 biliyoni. Chaka cha 2016 chinatchedwa ndi ambiri chaka cha VR, popeza Oculus Rift inatuluka pa madola 599, HTC Vive pa madola 799 ndipo PlayStation VR ya Sony pa madola 399. Ziwiri zoyambazo zinkafunanso kompyuta yamphamvu yodula komanso zingwe zoti munthu azizilambalala posewera. PlayStation VR inagulitsidwa zoposa 5 miliyoni pofika kumayambiriro kwa 2020. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu, koma makina a PlayStation 4 amene chipangizochi chinkalumikizidwako anali atagulitsidwa oposa 100 miliyoni, kutanthauza kuti mwa eni ake 20 alionse ndi mmodzi yekha amene anachigula.

Pa nthawi yomweyi panalinso njira yotchipa, yolowetsa foni m'kabokosi kokhala ndi magalasi. Google Cardboard ya mu 2014 inali ya katoni, ndipo Samsung Gear VR ya mu 2015 nthawi zina inkaperekedwa ulere kwa ogula foni. Anthu mamiliyoni anazilandira, n'kuziyesa kangapo, kenako n'kuziika m'kabati. Google inathetsa ntchito yake ya Daydream mu 2019 ndipo inavomereza kuti anthu ankachepa kuigwiritsa ntchito pakapita nthawi.

Meta, Sony ndi Apple

Zinthu zinasinthako ndi Oculus Quest ya mu 2019, yomwe sinkafuna kompyuta, foni kapena chingwe. Quest 2 inatuluka mu Okutobala 2020 pa madola 299, nthawi imene anthu ambiri anali m'nyumba chifukwa cha COVID-19, ndipo inagulidwa kuposa chipangizo china chilichonse cha VR. Mu Okutobala 2021 Mark Zuckerberg anasintha dzina la kampani ya Facebook kukhala Meta, posonyeza kuti tsogolo lake waliika pa luso limeneli. Nyuzipepala zinalemba mu 2023 kuti kampaniyi inauza antchito ake kuti inali itagulitsa zipangizo za Quest pafupifupi 20 miliyoni, komanso kuti ogula atsopano sankazigwiritsa ntchito kwambiri ngati ogula oyamba.

Mtengo wotsikawo unali ndi woulipirira. Nthambi ya Meta yopanga zipangizozi, Reality Labs, inataya madola 10.2 biliyoni mu 2021, 13.7 biliyoni mu 2022, 16.1 biliyoni mu 2023 ndi 17.7 biliyoni mu 2024. Ndalamazi zimachokera ku malonda otsatsa a pa Facebook ndi Instagram, ndipo ndi makampani ochepa kwambiri padziko amene angapirire kutaya kotereku.

Sony inatulutsa PlayStation VR2 mu Febuluwale 2023 pa madola pafupifupi 550, mtengo woposa wa PlayStation 5 yeniyeniyo. Apple inayamba kugulitsa Vision Pro pa 2 Febuluwale 2024 pa madola 3,499. Akatswiri ambiri anayamikira kuwala kwa zithunzi zake ndiponso kuti munthu amailamula ndi maso ndi zala popanda chogwira m'manja. Koma imalemera magalamu oposa 600, batire lake limakhala m'thumba pachingwe ndipo limatha pakapita maola pafupifupi awiri. Tim Cook, mkulu wa Apple, ananena yekha mu 2024 kuti pa mtengo umenewo si katundu wa anthu onse.

Zimene zimalepheretsa anthu wamba

Kawirikawiri mtengo ndiwo umatchulidwa poyamba, ndipo n'zoona kuti madola 3,499 ndi ambiri. Komabe mbiri ya Cardboard, Gear VR ndi Quest 2 ikusonyeza kuti vuto silithera pa kugula. Anthu amagula, kapena amalandira ngati mphatso, koma ambiri amachepetsa kuchivala pakapita nthawi.

Chifukwa chachikulu chili m'thupi la munthu. Quest 2 ndi Quest 3 zimalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo kulemerako kumakhala kutsogolo, kumakanikiza mphumi, masaya ndi mphuno. Kumaso kumatuluka thukuta, tsitsi limasokonekera, ndipo amene amavala magalasi a maso amavutika kuwalowetsa mkati. Palinso nseru. Mkati mwa khutu muli ziwalo zimene zimauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena laima. Maso akamaona kuti munthu akuthamanga pamene khutu likunena kuti wakhala pampando, ubongo umasokonezeka, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi zimene ena amamva m'galimoto kapena m'boti. Zipangizo zatsopano zachepetsa vutoli koma sizinalithetse, ndipo anthu amasiyana: ena samva kalikonse, ena amavula pakangotha mphindi khumi. Maso nawo amatopa, chifukwa amayenera kuloza chinthu chooneka ngati chili pafupi kapena patali pamene chithunzi chenichenicho chili pamtunda umodzi wosasintha.

Chachiwiri n'chakuti wovala amadzipatula. Wailesi yakanema banja lonse limaonera limodzi, ndipo foni munthu amaiyang'ana masekondi ochepa n'kuibwezera m'thumba akucheza ndi anzake. Chipangizo cha VR chimafuna kuti munthu asunthe mipando, atchaje batire, amange malamba kumutu, kenako asiye kuona mwana amene akukwawa pansi kapena mphika umene uli pamoto. Apple inayesa kuchepetsa zimenezi poika sikirini kunja yoonetsa maso a wovala, koma ambiri anati maonekedwe ake ndi achilendo.

Palinso funso la chochita nacho. Masewera monga Beat Saber a mu 2018 ndi Half-Life: Alyx a mu 2020 anasonyeza zimene VR ingachite bwino, ndipo ena amaigwiritsa ntchito pochita masewera olimbitsa thupi. Koma opanga mapulogalamu safuna kuwononga ndalama zambiri pa msika waung'ono, ndipo msikawo sukula chifukwa mapulogalamu ndi ochepa. N'zochititsa chidwi kuti AR imene inafika kwa anthu ochuluka kwambiri sinafune chovala kumaso chilichonse: masewera a Pokémon Go a mu 2016 komanso zokongoletsa nkhope za pa Snapchat ndi Instagram zimayenda pa foni wamba.

Makamera nawonso amadetsa nkhawa anthu ozungulira. Google Glass, yomwe inayamba kugulitsidwa kwa anthu osankhidwa mu 2013 pa madola 1,500, inaletsedwa m'malo ena omwera ndi oonetsera mafilimu chifukwa anthu sankadziwa ngati akujambulidwa. Google inasiya kuigulitsa kwa anthu wamba mu Januwale 2015.

Kumene zakhazikika

Zipangizozi zapeza malo kumene kuvala kwa mphindi zochepa kuli ndi phindu looneka. Zimagwiritsidwa ntchito pophunzitsa madokotala a opaleshoni, asilikali ndi ogwira ntchito m'mafakitale, komanso poonetsa nyumba kapena galimoto isanapangidwe. Mu 2018 Walmart inagula zipangizo za Oculus Go 17,000 zophunzitsira antchito a m'masitolo ake, ndipo mu 2021 bungwe la boma la United States loona za mankhwala, FDA, linavomereza pulogalamu ya VR yothandiza odwala msana kwa nthawi yaitali. Ngakhale kumeneku msika si waukulu. Magic Leap, yomwe inasonkhanitsa madola oposa 2 biliyoni, inasiya za anthu wamba mu 2020 n'kuyamba kugulitsa kwa makampani, ndipo Microsoft inasiya kupanga HoloLens 2 mu 2024.

Magalasi ooneka ngati wamba

Katundu amene wayenda bwino mosayembekezereka ndi amene amachita zochepa. Magalasi a Ray-Ban Meta, omwe anatuluka mu Okutobala 2023 pa madola 299, amalemera pafupifupi magalamu 50 ndipo amaoneka ngati magalasi a dzuwa wamba. Ali ndi kamera, timasipika ndi maikolofoni, koma alibe sikirini, choncho kunena zoona si AR. Kampani ya EssilorLuxottica, eni ake a Ray-Ban, inalengeza mu Febuluwale 2025 kuti inali itagulitsa magalasiwa 2 miliyoni. Mu Sepitembala 2024 Meta inaonetsa Orion, magalasi a AR enieni, koma inati ndi odula kwambiri kupanga moti sangagulitsidwe. Patatha chaka inatulutsa Meta Ray-Ban Display pa madola 799, yokhala ndi kasikirini kakang'ono m'galasi la kumanja.

Oona za msikawu amasiyana maganizo. Ena amafanizira VR ndi mawailesi akanema a 3D, omwe anatchuka cha mu 2010 koma makampani akuluakulu n'kuwasiya pofika 2017, chifukwa chinanso chinali chakuti anthu sankafuna kuvala magalasi apadera pabalaza. Ena amakumbutsa kuti foni yam'manja yoyamba kugulitsidwa, ya Motorola, inkalemera pafupifupi magalamu 800 ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 4,000, koma panatenga zaka zambiri kuti ichepe n'kufika m'thumba la aliyense. Makampani akupitirizabe: Google inalengeza Android XR mu Disembala 2024, ndipo Samsung inatulutsa Galaxy XR yoyendera pulogalamu imeneyi mu Okutobala 2025.